Omvera Jazi Ochokera ku Itepela

Munthu akakhala ndi jekete limodzi labwino ndi mawu omveka pa maikolofoni, tauni yaing'ono imayamba kumuthina. Ndi mmene zinalili ndi Benvindo. Ku Mandimba kunalibe ukwati wa anthu odziwika, festa ya omaliza sukulu, ngakhale mwambo wotsegulira mjigo, umene ukanayenda popanda iye kuimirira kutsogolo ndi kuuza anthu nthawi yowomba m'manja. Anthu ankamukonda ndithu, koma iye sankawabwezera. Ankati lilime ngati lake likungowonongeka pakati pa ogulitsa chimanga ndi anyamata a njinga zamoto, ndipo mtima wake wonse unali ku Cuamba, kumene kuli sitima, poti ukafika kumeneko Nampula sakhalanso patali.

Mwayi unabwera ndi Sinyoro Reginaldo, mkulu wina wa ku Cuamba wokonza zoimbaimba, wamimba yabwino ndi fungo la perefyumu lomwe linkatsala m'chipinda iye atatuluka. Mkuluyu anali ataitanitsa oimba ochokera ku Maputo: Dona Hélia, woimba solu ndi R&B, ndi gulu lake la jazi lotsogozedwa ndi Latifo, woliza lipenga lokhota lija amati sakisofoni. Oimbawo ankayambira ku Lichinga, kenako Cuamba, kenako Nampula, ndipo poti msewu umadutsa pa Mandimba, Reginaldo anaganiza zoti aimepo masana amodzi. Mnyamata amene ankamuyendetsera mapulogalamu anali atathawira ku Joni, choncho ankafuna wina. Anamuuza Benvindo mosabisa mawu: adzaze salau, holo ya pensau, nyumba yogona alendo ya pamsika, anthuwo amvere nyimbo ngati anthu a mumzinda, ndipo m'mawa mwake akwera nawo galimoto ya ku Cuamba monga mwini maikolofoni. Zikakanika, atsale ndi mijigo yake.

Benvindo anavomera Reginaldo asanamalize n'kulankhula komwe.

Koma abale, anthu a ku Mandimba! Anazungulira tauni yonse ndi mabilyeti, matikiti olowera, m'thumba mpaka nsapato zinatha mbali imodzi. Anyamata a njinga zamoto anafunsa ngati kukhale kuvina, atamva kuti kulibe anamufunsanso ngati akudwala. A mabaraka, eni timasitolo ta pamsika, anafunsa ngati kukhale mpunga. Aphunzitsi, amene iye ankawadalira kwambiri, anayamikira maganizowo m'Chipwitikizi chabwino kwabasi, nati aona mmene zinthu zikhalire, ndipo aliyense amadziwa kumene “tiona” amathera. Mkulu wina wogulitsa njinga anamuyankha kuti kukhala chete n'kumamvetsera amachita kale ku mzikiti Lachisanu lililonse, ndipo kumeneko salipiritsa pakhomo.

Tsiku litayandikira, Benvindo anasowa tulo. Kenako anakumbukira chinthu chimene iye mwini anachiona kambirimbiri: kwathu kuno bwalo silidzazidwa ndi mabilyeti, limadzazidwa ndi lole. Akamabwera mlendo wamkulu, palibe amene amafunsa anthu ngati akufuna kumuona. Lole imangopita kumidzi, n'kubwerako ndi amayi.

Ndiye anakwera shapa, minibasi ya ku Ngauma, natsikira ku Itepela, kwawo kwa malemu bambo ake, kumene kunali azakhali ake a Luciya. A Luciya anali mtsogoleri wa amayi olandira alendo m'dera lonselo. Analandirapo abishopu, akuluakulu a boma, azungu a mijigo ndi azungu a maukonde a udzudzu, ndipo nthungululu yawo inkamveka kutsidya kwa dambo. Ndi iwo amene anamubereka Benvindo kumsana chaka chimene amayi ake anagona m'chipatala, ndipo ngakhale mnyamatayo anali atasiya kupondako kumudzi, iwo ankamutchulabe kuti mwana wa achimwene, monyadira. Atamva kuti akufunika amayi okwana lole, sanafunse n'chifukwa chomwe. Anangotumiza mawu, ndipo dzuwa lisanapendeke amayi anali atadzaza pansi pa mtengo wa mango.

Apa ndi pamene Benvindo anayamba kudzikumbira dzenje ndi manja ake. Anaimirira pamaso pawo, manja kumbuyo, nawauza kuti uwu si mwambo wa masiku onse. Nthungululu ayi. Kuvina ayi, ngakhale kugwedeza phewa. Makapulana owala aja a maluwamaluwa, zitenje zawo za pa zikondwerero, awasiye m'mabokosi, avale akuda kapena odera, poti ndi mmene amavalira anthu akuluakulu pa zinthu ngati izi. Akakafika akakhale phee, mitu yoweramitsa pang'ono, osalankhulana, osaseka, ndipo nyimbo ikakawafika pamtima akangogwedeza mutu n'kunena kuti mmm.

A Luciya anafunsa kuti kodi nkhaniyi ndi ya ndani. Benvindo anati ndi ya anthu a kutali, a ku Maputo, ndipo ngakhale atafotokoza iwo sangamvetse. Anafunsanso ngati anyamule ufa. Iye anaseka, nati ufa wa chiyani, zonse zakonzedwa kale. Akanakhala munthu woyang'ana nkhope za anthu akamalankhula, akanaona amayi aja akuyang'anana, wina akugwira tsaya, wina akupukusa mutu pang'onopang'ono. Kumudzi uthenga woipa saunena poyera. Amauzungulira choncho, ndipo wamkulu amamva yekha. Koma Benvindo ankangomva kukoma kwa mawu ake, ndipo anabwerera ku Mandimba akuimba mluzu.

Salau anaikonza monga anaonera pa foni. Jazi, iye ankati, imafuna mdima, ndipo poti oimba anali oti ayambe dzuwa lili pamutu kuti lole ibwerere kusanade, anabwereka nsalu zakuda n'kutchinga mawindo onse. Anayatsa makandulo. Kukhoma la kutsogolo anapachika chithunzi chachikulu cha mkulu wina wa chipewa, wa maso achisoni, atakumbatira lipenga. Anachitola pa foni pomwepo n'kukachikulitsa kwa ojambula mapepala, dzina la munthuyo osalidziwa, kungoti ankaoneka wa jazi. Poona kuti chithunzicho chili chokhachokha, anakabwereka maluwa a pulasitiki kwa mayi wokongoletsa maukwati, n'kuwazunguliza m'mphepete mwake.

Lole inafika ili zii, chinthu chimene sichinaonekepo chiyambire amayi a ku Itepela kukwera lole. Anatsika mmodzimmodzi, atafunda zakuda, navula mapatapata pakhomo. A Luciya atalowa anaima pamaso pa chithunzi chija kanthawi, nati chapansipansi, “Anali munthu wamkulu ndithu.” Benvindo anavomera kuti eya, wamkulu kwambiri, akukondwa kuti azakhali ake ayamba kale kumvetsa za jazi.

Pa mipando pokha ndi pamene panavuta. Amayi anaikankhira kukhoma n'kukhala pansi, miyendo tambasu, moyandikana ndi chithunzi. Benvindo anawachonderera, thukuta lili kamukamu, ndipo awiri atatu anakhaladi pamipando pomuchitira ulemu, koma atangotembenuka anatsetserekera pansi. Mwamwayi Reginaldo atasuzumira anakondwa nazo. Anati ngakhale ku Maputo anthu ozindikira amakhala pansi masiku ano.

Oimba analowa, onse m'zakuda. Benvindo anagwira maikolofoni, ndipo m'malo mofuula monga amachitira pa maukwati, anatsitsa mawu mpaka m'chifuwa, akulankhula Chipwitikizi pang'onopang'ono, kuthokoza onse amene asiya ntchito zawo ndi kuyenda mtunda wautali kudzakhala nawo pa nthawi ngati imeneyi. Amayi anaweramitsa mitu. Latifo anayamba kuliza lipenga lake motsitsa, mokoka, ngati ng'ombe yomwe aichotsera mwana, ndipo salau yonse inayankha pamodzi kuti mmm. Mtima wa Benvindo unasungunuka. Anayang'ana Reginaldo, Reginaldo anamukwezera chala chachikulu, ndipo iye anadziona kale ali pawindo la sitima, mapiri a Cuamba akutsalira kumbuyo.

Kenako kunatulukira Dona Hélia. Anali mtsikana wowonda, wamtali, wa diresi lakuda lofika pansi, mutu wometa mpala monga amachitira atsikana a mumzinda. Amayi atangoona mpalawo anagundana zigongono. Hélia anatseka maso n'kuyamba nyimbo ya mwamuna amene anapita osabwerera. Mawu ake palibe wa ku Itepela amene anawamva, poti anali a Chingerezi, koma kuimba kwake anakumva bwinobwino. Mtsikanayo ankayamba monong'ona, n'kukwera, mawu n'kusweka pakhosi, n'kutsikanso akubuula. Anagwira pamtima. Anatambasulira dzanja kukhoma kumene kunali chithunzi, poti dzanja la woimba liyenera kuloza penapake. Pofika pakati pa nyimbo anakoka mawu amodzi ataliatali, akunjenjemera, mpaka anagwada pansi.

A Luciya anapirira mokwanira. Analonjeza mwana wa achimwene awo kuti akhala phee, ndipo anakhaladi phee, koma mwana wa eni ake, wamasiye, wochokera kutali, alire yekha pamaso pa amayi odzaza nyumba, popanda ngakhale womugwira m'chiuno? Zimenezo ndi za afiti. Anadzuka, namasula kapulana ya pamwamba, napita kutsogolo, namumanga Hélia m'chiuno zolimba monga amamangira namfedwa kuti asagwe. Atatero anakweza nkhope kudenga n'kuyamba kubuma.

Inu, amene simunamvepo amayi a ku Itepela akulira maliro simunamve kanthu. Anayamba a Luciya, analandira a kumanzere, analandira a kumbuyo, mpaka malata anayamba kunjenjemera. Poti dzina la malemu sankalidziwa, aliyense anatulutsa ake. Wina ankaitana mwamuna wake, wina mwana amene anatsala m'manda a ku Malawi nthawi ya nkhondo, wina amayi ake, ndipo onse ankamutuma mkulu wa chipewa uja kuti akapereke moni akakafika.

Benvindo anaona Cuamba ikumutaya. Anathamangira kutsogolo akukupiza manja kuti asiye, asiye, koma mawu ake anamira, ndipo munthu wokupiza manja pamaliro amadziwika chimene chamugwira. Amayi awiri amphamvu anamugwira mapewa, namukhazika pansi, namuuza kuti alimbe mtima, iye ndi mwamuna, zonse ndi za Mulungu. Atayesa kudzuka anamupanikiza. Atayesa kufotokoza, mmodzi anamupukuta kumaso ndi nsonga ya kapulana n'kumuuza kuti maliro n'kulirana. Anangokhala pamenepo, jekete litakwinyika, ndipo kunena zoona misozi inatsala pang'ono kutuluka, kungoti iye ankalira sitima.

Oimba nawo, m'malo moima, anapitiriza. Latifo anatchera khutu, napeza pamene amayi ankalirira, nalowetsa lipenga lake pomwepo, likuwayankha akamapuma. Wa ng'oma anatsatira. Hélia anayesa kamodzi kudzimasula, koma dzanja la a Luciya ndi la khasu. Anagonja, natsamira pa chifuwa chawo, napitiriza kuimba, ndipo posakhalitsa utoto wa m'maso mwake unali ukutsika m'masaya. Kaya ankalira chiyani mtsikana ameneyo, ndi za iye mwini, koma analira zenizeni.

Kunja nako zinthu zinayenda mwa dongosolo lake. Kulira kutafika pamsika, a mabaraka anayamba kutseka zitseko. Munthu wina wachifundo anathyola nthambi n'kuyala pamsewu, ndipo anyamata a njinga zamoto anazimitsa mainjini n'kumakankha. Wogulitsa njinga uja anabwera ndi anzake a ku mzikiti. Aphunzitsi aja a “tiona” anabwera onse, atavula zipewa. Amayi ena anafika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ena ndi ndowa za madzi. Salau imene inakana kudzaza ndi mabilyeti inadzaza mpaka kukhonde, amuna n'kumakhala m'mphepete mwa msewu akufunsana motsitsa kuti watisiya ndani. Yankho linkayenda pakamwa ndi pakamwa kuti ndi mkulu wa lipenga wa ku Maputo, ndipo panapezeka bambo wina amene anati ankamudziwa, anali munthu wosakonda mikangano.

Nyimbo zitatha panalibe wowomba m'manja. Anthu anafola kudzagwira dzanja la Hélia, aliyense akuti pepani, iye n'kumathokoza kuti obrigada.

Benvindo, atamasulidwa, anafuna kutulukira khomo la kumbuyo, koma anakumana ndi mimba ya Reginaldo. Anatseka maso kudikira chipongwe. Mkuluyo anamukumbatira mpaka kumunyamula. Anati zaka zonse wakhala mu ntchito imeneyi sanaonepo chinthu chotere, wajambula zonse pa foni, a ku Maputo akaona agwa pansi, solu yeniyeni ndi imeneyi. Anamufunsa kuti maganizo otere anawatenga kuti, ndipo Benvindo, mopanda manyazi, anati anakhala akuwalingalira kwa nthawi ndithu. Reginaldo anati ntchito ndi yake, Cuamba, Nampula, ngakhale kupitirira. Chimodzi chokha: amayi aja abwere nawo. Mawa ku Cuamba akachite chimodzimodzi, kungoti akayambe pa nyimbo yachitatu, osati yachiwiri, ndipo iye awagulira makapulana ofanana. Popanda amayiwo, anatero akumwetulira, ogwira maikolofoni ku Cuamba aliko ambiri.

Benvindo anapita ku lole akudumphadumpha. Anawapeza amayi akuvala mapatapata, maso ali psuu, mawu atasasa. A Luciya anamukokera pambali n'kumufunsa kuti thupi lili kuti, mwambo woika ndi liti, ndipo bwanji sanawalole kunyamula ufa poti anthu achuluka chonchi.

Iye anaseka. Anawauza kuti palibe amene wamwalira, zonsezo zinali nyimbo chabe, ndi mmene amaimbira anthu a mumzinda. A Luciya anafunsa za mkulu wa pachithunzi. Anati anamutola pa foni, sakumudziwa n'komwe. Anafunsa za mtsikana wamasiye. Anati sanakwatiwepo, mpalawo ndi fasho. Ndipo poti Benvindo sankadziwa kumva chete wa anthu, anapitiriza ndi nkhani yabwino: mawa onse akwera ulendo wa ku Cuamba, akagona pabwino, akadya nkhuku, akalandira makapulana atsopano, ntchito yake kungolira ngati lero basi, kuyambira pa nyimbo yachitatu.

A Luciya anapita kwa anzawo, ndipo amayi anaunjikana kumbuyo kwa lole akunong'onezana. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali omveka. Kulira maliro popanda wakufa ndi malaulo. Kulira koteroko sikubwerera m'mimba, kumayendayenda kufuna mwini wake, ndipo aliyense wa iwo anali ndi ana kunyumba. Anakambirana kanthawi ndithu. Kenako a Luciya analowanso mu salau, natuluka ndi maluwa a pulasitiki aja, naima pamaso pa Benvindo, anthu a pamsika akumvetsera.

“Mwana wa achimwene, anatiitana ndi ndani?”

“Ndine, azakhali.”

“Anatiuza kuti tivale zakuda ndi ndani? Anayatsa makandulo ndi ndani?”

“Ndine, koma azakhali, mvetsani...”

“Ndiye tagwirizana kuti maliro amenewa ndi ako. Sitingawasiye aziyenda m'midzi mwathu opanda mwini. Takulira, mwanawe, ndipo takulira bwino, wadzionera wekha. Anthu anatseka mabaraka, masamba anayalidwa pamsewu. Bambo ako sanalandire ngakhale theka la zimenezi.”

Benvindo anayesa kuseka.

“Tsiku lako lenileni likadzafika tidzabwera,” anapitiriza a Luciya, mawu ali osasa koma odekha. “Ndiwe wathu, sitingakutaye. Tidzatunga madzi, tidzaphika, tidzakhala pansi mpaka akukwirire. Koma kulira usadzayembekezere. Munthu saliridwa kawiri.”

Anamuika maluwa aja m'manja, nakwera lole. Amayi onse anakwera osamuyang'ana, monga anthu amachokera kumanda, ndipo lole inanyamuka ili zii ngati mmene inabwerera.

M'mawa mwake galimoto ya oimba inaima pa pensau. Reginaldo anatsitsa galasi pang'ono, nafunsa za amayi, namva yankho, nati Benvindo adzamuimbire akadzawakonza. Hélia anatulutsa kapulana ya a Luciya, atapinda bwinobwino, nafunsa ngati angaisunge ikhale yake. Benvindo anangogwedeza mutu kuvomera. Galimoto inalowera msewu wa ku Cuamba, iye n'kutsala ndi fungo la perefyumu.

Podutsa pamsika, anyamata a njinga zamoto anavula zipewa n'kumupatsa moni kuti mwadzuka bwanji malemu. Zimenezo akanazipirira. Akanapiriranso uthenga umene unabwera masana, woti eni ukwati wa Loweruka apeza wina wogwira maikolofoni, poti munthu woliridwa kale sangatsogolere akwati. Chimene chinamupweteka chinali china. Anakumbukira tsiku limene anaika bambo ake, mmene mawu a azakhali ake anakwerera pamwamba pa anthu onse akutchula mayina a makolo, iye ali kamnyamata, ndipo anazindikira kuti moyo wake wonse, ngakhale pamene ankalota za Nampula, ankadziwa mumtima kuti kaya adzafera kuti, mawu amenewo adzamuperekeza. Anamva chisoni chenicheni, ndipo panalibe womugwira m'chiuno.

Anatenga maluwa aja kukabweza kwa mayi wokongoletsa maukwati. Mayiyo anawayang'ana ali chapatali, manja atabisa kumbuyo, nati angowasunga, ndi ake tsopano. Benvindo anabwerera nawo kunyumba, nawaika patebulo pafupi ndi jekete.